Mphuno ya Boma

Nasopo sankayanika chovala asanayang'ane chumuni. Akakwera padenga ndi beseni pamutu, ankayamba walitula, n'kuima manja m'chiuno kuyang'ana tsidya la msewu kumene kunali fakitale yosungunula zitsulo zakale. Utsi ukamalowera kwina, ankayanika mofulumira ngati wakuba. Ukamabwera kuno, ankatukwana chamumtima n'kutsikanso ndi zovala zake zonyowa, kukadikira kuti mphepo isinthe maganizo.

Dzinali anam'patsa ndi ana a pamalopo, chifukwa paliponse pamene wadutsa pankatsala fungo la sopo. Ankachapa ndi kusita makoti a anyamata a ku butchala ndi nsalu za pamatebulo za malo ena odyera a m'tauni. Zonsezo zinali zoyera. Ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja ya lendi, ndipo mwini nyumba anam'siyira kiyi wa chitseko cha padenga, denga la konkire, poti ndi iye yekha ankalisesa.

Mwaye sunkaoneka ukamagwa. Unkangopeza koti limene unaliyanika loyera mbee lili ndi timadontho takuda, ndipo ukati upukute ndi chala, kadonthoko kankasanduka mzere. Masiku ena Nasopo ankachapa koti limodzi kawiri dzuwa lisanapendeke.

Mwamuna wake ankagwira ntchito pa ng'anjo ya fakitale yomweyo. Anzake ankamutcha Mvukuto chifukwa cha kapumidwe kake akakwera masitepe. Iye ankati n'kunenepa chabe.

"Mwandidetseranso makoti lero," Nasopo ankatero akam'landira chikwama pakhomo.

"Utsi umenewo ndi umene ukutidyetsa," ankayankha motero akuvula jombo, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Ankakhalanso ndi mayi ake a Mvukuto. Apongozi akewo ankagona chokhala, atatsamira mapilo ndi chikwama cha zovala, chifukwa akagona chagada chifuwa chinkawatseka. Ukawafunsa ankati, "Ndi ukalamba uwu. Mukufuna ndizipuma ngati namwali?"

Za lamulo latsopano loteteza mpweya Nasopo anazimva pa wailesi akusita, koma zinalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Ndiye tsiku lina kunamveka odi pakhomo. Anali mayi wachitsikana wovala jekete la boma, thukuta lili kamukamu, kumbuyo kwake kuli amuna awiri atanyamula bokosi lotuwa lalikulu ngati sutikesi.

"Ndinu amene mumasunga kiyi wa padenga? Eni nyumba atilola kuti tiike chipangizo ichi. Denga lanu ndiye lalitali kuno."

Nasopo anawatsogolera. Anaima pambali akuonerera amunawo akumangirira bokosilo pakona. Pamwamba pake panali kapaipi kovala kachipewa kachitsulo, ndipo atalilumikiza linayamba kulira chapansipansi ngati filiji.

"Limachita chiyani?"

"Limakoka mpweya monga timachitira ifemu, n'kumatumiza manambala ku ofesi kwathu. Tikatero timadziwa zimene anthu akupuma."

"Mukapeza kuti n'zoipa?"

"Lamulo linaika malire. Amene wapitirira timamuuza akonze."

"Akapanda kukonza?"

"Timatseka."

Nasopo anayang'ana chumuni. "Amuna anga amagwira ntchito mmenemo."

Mayi wa bomayo anasiya kudina foni yake. "Ambiri a pano amagwira mmenemo, ndikudziwa. Ine sindinabwere kudzachotsa munthu ntchito, mayi. Koma sindikunamizani kuti sizingachitike. Chimene ndikupempha n'chakuti chitsekochi chizikhala chokhoma."

Atapita, apongozi anafunsa kuti phokosolo linali la chiyani. Atamva, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti boma lagula mphuno? Akanabwera kwa ine ndikanawanunkhizira ulere." Dzuwa lisanalowe, nyumba yonse kuyambira pansi mpaka pamwamba inali ikunena za mphuno ya boma.

Mvukuto sanaseke. Anafika madzulo nkhope ili ndwii, osavula n'jombo zomwe.

"Madenga onse a m'tauni muno, asankha lathu?"

"Si lathu, ndi la eni nyumba."

"Kuntchito akuti ndiwe unakawaitana."

"Ine? Ofesi yawo ndikuidziwa kumene ili?"

"Aliyense amadziwa kuti umadandaula za mwaye. Lero anzanga amandiyang'ana ngati ndaba nkhuku." Anakhala pampando n'kugwira mutu. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mkazi wanga. Ntchito ina ndikaipeza kuti pa msinkhu uno?"

Kuyambira tsiku limenelo Nasopo sankakhazikika. Ankakwera padenga ngakhale alibe choyanika, n'kukaima pafupi ndi bokosilo kulimvetsera, ngati lingamuuze zimene likukanena. Pamasitepe anthu ankasiya kulankhula akamuona. Mkazi wa woyendetsa kireni yonyamula zitsulo ku fakitale, amene ankakhala pansi pawo ndipo kale ankabwerekana mchere, anayamba kuyankha moni ndi mphuno.

Lamlungu masana kunabwera kapitawo wa fakitale, munthu wa mawu ofewa, atanyamula malalanje a apongozi. Mvukuto anam'patsa mpando wabwino, iye n'kukhala pa ndowa. Anacheza za mpira, za mitengo ya zinthu, za moyo wa apongozi. Kenako kapitawo anatembenukira kwa Nasopo.

"Mlamu, inu ndi ife ndife amodzi. Utsiwu ifenso sitiukonda. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mabwana akufuna nthawi yoti akonze zinthu bwinobwino, osati kuwadzidzimutsa."

"Ine ndingochapa, achimwene. Za nthawi akafunse boma."

"N'zimene ndikunena, inu mumachapa. Mumayanika paliponse padenga paja. Nsalu yonyowa itakhala pa kapaipi kaja m'mawa ng'anjo ikamayaka, angakufunseni ndani? Simunaswe kanthu, simunabe kanthu." Anamwetulira, n'kuyang'ana Mvukuto. "Mkuluyu wagwira nafe zaka zambiri. Zinthu zikavuta, mayina oyamba kuchotsedwa amakhala a amene akupuma movutikira. Ine sindingakonde zimenezo."

Mvukuto ankangoyang'ana pansi. Atam'perekeza mlendoyo n'kubwerera, sananene kuti chita, sananenenso kuti usachite. Anayatsa wailesi n'kukweza mawu.

Lolemba kunacha kopanda mphepo. Utsi unatuluka m'chumuni n'kulephera kukwera. Unagwada pamwamba pa msewu n'kuyamba kukwawira kunyumba za anthu, wachikasu pansi, wakuda pamwamba. Mvukuto anali atapita kale. Nasopo anatenga nsalu ya patebulo yokhuthala, yonyowa, anaipinda pawiri, anakwera nayo. Anaima nayo nthawi yaitali madzi akudontha pamapazi ake. Kenako anaiponya pa kapaipi kaja n'kuipana ndi mapegi. Kulira kwa bokosi kunasintha, kunakhala ngati kwa munthu amene wina wam'gwira pakamwa.

Anatsika, anakhoma, anayatsa simbi. Anasita kolala imodzi mobwerezabwereza mpaka inayamba kununkha. Anazimitsa simbi, anasesa m'chipinda chosesa kale, anasuzumira pawindo, anayatsanso simbi.

"Kodi apongozi, mwatani lero?" anafunsa mayi ake a Mvukuto. "Mukungozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira."

"Palibe, amayi."

Mawindo anali otseka, m'mipata atatsekamo nsanza, komabe fungo la penti wopsa linalowa. Apongozi anayamba kutsokomola monga mwa masiku onse, koma ulendo uno chifuwacho sichinaleke. Anagwira m'mphepete mwa bedi, mapewa akukwera ndi kutsika, maso atatuzuka, milomo ikutuwa. Nasopo anakhuthula kabati yonse pofuna kopopera m'kamwa ka kuchipatala, anakapeza m'thumba la juzi, anawapopera, anawagwira msana akuwerengera nawo mpweya. Pang'onopang'ono chifuwa chinamasuka.

"Musamuuze mwana wanga," anatero apongozi mawu atabwerera. "Ali ndi zambiri m'mutu."

Nasopo anawapatsa madzi, anadikira mpaka atatsinzina, n'kuthamangira padenga. Anachotsa mapegi, anakoka nsalu ija. Pamene inakhudza kapaipi panali chibanga chozungulira, chachikulu ngati sosala, chakuda bii ngati kunsi kwa poto. Anaitambasula. Kudako kunali kutadutsa mapindo onse awiri. Dzuwa linali lisanafike n'pamutu pomwe.

Sanaichape. Madzulo anaiyala patebulo mwamuna wake asanadye.

"Ichi n'chiyani?"

"Ntchito imene anandituma kapitawo wanu. Ndaigwira theka la tsiku, sindidzaigwiranso. Izi n'zimene bokosi likanameza m'mawa wokha. Amayi anu akumeza zimenezi chaka ndi chaka. Nanga inu amene mumaima pakamwa pa ng'anjo penipeni?"

Mvukuto anakhudza chibangacho, anayang'ana chala chake, anachipukuta pa buluku. "Uichape," anatero. "Eni ake angakukalipire." Anatuluka n'kukaima pamasitepe, ndipo chakudya chinazizira.

Sabata yomweyo mayi wa boma anabwera yekha. Anatsegula bokosi, anasuzumira m'kati, anasintha kanthu kena kooneka ngati pepala.

"Lolemba m'mawa chipangizochi chinabanika," anatero osatembenuka.

"Mphepo inaulutsirapo nsalu."

"Lolemba kunalibe mphepo, mayi. Chimayezanso mphepo."

Nasopo anayang'ana zala zake zotumbuluka ndi madzi.

"Alipo anakuopsezani?"

"Palibe."

Mayiyo anamuyang'ana kwa kanthawi, sanafunsenso. Mawa lake amuna awiri aja anabwera ndi waya n'kumanga khola kuzungulira bokosi lonse. Kiyi anam'siyirabe. Kapitawo atakumana naye pamsewu n'kukweza nsidze mofunsa, Nasopo anangoti, "Aliika m'khola, achimwene," n'kupitirira ndi mtolo wake pamutu.

Panapita masabata angapo popanda chochitika, ndipo kudikirako kunali kowawa kuposa chilichonse. Galimoto iliyonse yoyera ikaima pageti la fakitale, mitu inkatuluka m'mawindo onse. Ndiye m'mawa wina zinabweradi, galimoto za boma ndi ya apolisi kumbuyo. Masana chumuni chinali chitasiya kufuka. Antchito anauzidwa kuti ng'anjo yatsekedwa kufikira eni ake ataika sefa yogwira utsi, ndipo aliyense adikire kunyumba.

Mkazi wa woyendetsa kireni anam'dikirira Nasopo pamasitepe.

"Mwasangalala tsopano? Makoti anu ayera. Ana athu adya makotiwo."

"Anga amuna nawonso ali pakhomo, mayi."

"Walira mvula walira matope. Musatidandaulire."

Tsiku lotsatira Nasopo anapeza wina atathira oilo wakuda m'mgolo wake wa madzi umene unkakhala pampopi pansi. Anautsuka yekha ndi mchenga, anthu akumuonerera m'makonde, palibe ndi mmodzi yemwe amene anati pepani.

Mvukuto ankadzukabe nthawi yake ya ntchito. Ankavala ovolosi, kumanga jombo, kupita pageti, kuima ndi anzake kuyang'ana loko, n'kubwerera dzuwa litakwera. Akafika ankasowa poika manja. Anamasula chitseko cha kabati chimene sichinali chowonongeka. Anaphwasula wailesi, ndipo poibwezera zitsulo zina zinatsala patebulo. Anati athandize kusita, anawotcha thumba la koti la ku butchala, Nasopo n'kumulanda simbi.

"Ndinu wozolowera kusungunula, chokani apa. Mukafuna ntchito, nyamulani beseni."

Ananyamuladi, mwamanyazi poyamba, akusuzumira kaye ngati pamasitepe pali anthu. M'mawa uliwonse ankatsokomola n'kulavula zakuda m'sinki, ndipo ankatsegula mpopi msanga kuti mkazi wake asaone. Nasopo ankaona. Ankaonanso kuti kudako kukuchepa.

Mphekesera zinkabwera tsiku lililonse. Ena ankati fakitale yagulitsidwa. Ena ankati eni ake akusamutsira makina kudziko lina kumene kulibe mphuno. Ena ankati mawa atsegula. Mvukuto ankabwera nazo zonse n'kuzitula pamaso pa mkazi wake ngati kuti ndi iye ayenera kuziyankha. Ndiwo zinachepa m'mbale. Nasopo anapita kukapempha zochapa ku malo ena ometera tsitsi ndi ku kachipatala ka mano, ndipo manja ake anang'ambika m'mizere. Akamva mapazi pamasitepe ankaima n'kumvetsera, osadziwa ngati ndi uthenga wa ntchito kapena mwini nyumba.

Koma kunja kunayera. Ali padenga anaona mapiri kutali, amene anaiwala kuti amaoneka kuchokera pamenepo. Ankayanika m'mawa, kutsika, osathamangiranso kukaanula. Masana ena analowa m'chipinda n'kupeza apongozi atagona chagada, mapilo atagwera pansi, kukamwa kuli yasa, osagwedezeka. Nasopo anakuwa n'kuwagwedeza mwamphamvu.

"Ii! Mukundidzutsiranji?" anatero apongozi akutikita m'maso. "Ndimalota ndikuthamangitsa basi, ndipo ndinatsala pang'ono kuigwira."

Nasopo anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba inakana kuleka.

Kenako pafakitale panabwera amisiri ndi makwerero. Anthu ankaganiza kuti akuika sefa, koma chimene chinkaoneka n'chakuti chumuni chikukula. Anachiwonjezera mpaka chinatalika kuposa nyumba iliyonse m'deralo. Boma linalola kuti ng'anjo iyakenso, eni ake atalonjeza kuti sefa anaiitanitsa kunja ndipo ili m'njira. Antchito ena sanawaitanenso. Mvukuto ndi woyendetsa kireni uja anawaitana, ndipo mkazi wa woyendetsa kireniyo anayambiranso kupereka moni ngati sipanachitike kanthu, mpaka kudzabwereka simbi.

Utsi tsopano unkadutsa pamwamba kwambiri. Makoti ankauma oyera. Apongozi anayamba kutsika masitepe kukakhala pakhonde ndi anzawo. Nasopo anaganiza kuti mwina mtima wake ukhala pansi.

Loweruka lina kunabwera mng'ono wake, amene anakwatiwa kutsidya la njanji. Anali ndi mwana wakhanda kumsana, akuchokera kuchipatala, ndipo anati apumuleko asanakwere basi. Atam'masula mwanayo, Nasopo anamva kapumidwe kake, kakulira ngati wezulo wa patali.

"Wayamba liti?"

"Mwezi uno. Adokotala akuti ndi chifuwa cha mphumu, koma kwathu kulibe mtundu wa mphumu, achemwali, inu mukudziwa. Ana ambiri kwathu kuja akutsokomola. Ndiye kwabweranso tinthu tina takuda, sitikudziwa kumene tikuchokera. Taonani thewera ili, ndinalichapa dzulo."

Nasopo analitenga. Anaika chala pa kadontho kamodzi n'kukoka. Kanasanduka mzere.

Anam'gwira dzanja mng'ono wakeyo n'kukwera naye padenga. Utsi unkatuluka m'chumuni chatsopano, kudutsa pamwamba pa mitu yawo ngati msewu wakuda, kupitirira msika, kupitirira njanji, ndipo kutsidyako unkaweramira pansi n'kumwazika pa madenga ang'onoang'ono a malata.

"Kwanu ndi kuti pamenepo?"

Mng'ono wake analoza. Chala chake chinaloza pakati pa utsiwo.

Mng'ono wakeyo sanabwerere kwawo tsiku limenelo. Anagwirizana kuti mayi ndi mwana akhale kaye kwa Nasopo mpaka chifuwa chitsike, ngakhale malo anali ochepa moti munthu potembenuka ankapempha chilolezo.

M'kati mwa sabata mayi wa boma anafika ndi amuna awiri aja atanyamula masipanala. Anati abwera kudzachotsa bokosi.

"Manambala a pano atsika, ali m'malire a lamulo. Chipangizochi chikufunika ku depoti ya mabasi."

"Utsi sunathe," anatero Nasopo. "Wangosamuka. Bwerani muone kumene ukutera."

"Ndikudziwa kumene ukutera. Ndinawauza mabwana anga chumuni chisanathe n'komwe."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati sefa ili m'njira." Mayiyo anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete. Ankaoneka wotopa kuposa tsiku loyamba lija. "Dipatimenti yonse ili ndi zipangizo zowerengeka, mayi, ndipo tauni yonse ikufuka. Popanda manambala a kutsidyako, ine ndilibe chogwira. Ndikangonena pakamwa, a fakitale amati ndi utsi wa mbaula za anthu."

"Ndiye litengereni kumeneko bokosili."

"Sindingalitenge ndekha ngati katundu wanga. Anthu a kumeneko abwere ku ofesi adzadandaule, abwere ambiri. Mabwana anga amamva phokoso msanga kuposa manambala. Ndipo mundipezere denga lalitali, lokhoma, lokhala ndi munthu amene mphepo yake siulutsa nsalu."

Mayiyo anamwetulira pang'ono koyamba chibwerereni, n'kuuza amuna aja kuti ayambe kumasula.

Madzulo Mvukuto atamva, anamenya tebulo mpaka mwana anadzidzimuka.

"Ukufuna atitsekenso? Sunakhute? Miyezi ija waiiwala?"

"Sindinaiwale. Manja anga ndi awa."

"Nanga n'chiyani? Kuno kwayera, amayi akupuma, ine ndikugwira ntchito. Zakutsidya zili ndi eni ake."

"Eni ake ndi awa agona pa bedi lanuwa."

Mng'ono wake anaweramitsa mutu. "Alamu, ngati tikukusowetsani mtendere, mawa tipita."

"Sindinanene zimenezo, mlamu. Ndani wanena zimenezo?" Anaimirira, anakhalanso, anaimiriranso. "Inu simukudziwa. Akangomva kuti ndi mkazi wanga kachiwiri, ine ndatha."

"Ine sindikufuna atseke," anatero Nasopo. "Ndikufuna aike sefa imene analonjeza."

"Sefa!" Mvukuto anaseka kuseka kowawa. "Pamalo pamene anati adzaikapo sefa aunjikapo zitsulo zakale mpaka kudenga."

Iye mwini anaoneka ngati wadabwa ndi zimene zatuluka m'kamwa mwake. Apongozi, amene nthawi yonseyi ankasisita mwana kumsana, anati, "Nyamula mwanayu, mikono yanga yatopa," n'kum'patsa Mvukuto khandalo asanayankhe. Mvukuto anam'landira mosazolowera, kamutu kali pachifuwa chake. Wezulo uja ankamveka m'chipinda monse. Anayenda naye kuchoka pawindo kufika pachitseko, kubwerera, kupitanso.

Masiku otsatira sanaitchulenso nkhaniyo, ndipo Nasopo sanam'funse. Loweruka m'mawa akazi awiriwo anavala kuti awoloke njanji kukafuna denga. Ankakambirana zoyamba ndi nyumba yosanja ya pafupi ndi msika. Mvukuto anali pakhomo akumanga zingwe za jombo, atawafulatira.

"Kumsika mukataya nthawi," anatero osadzutsa mutu. "Utsi umatera pa sukulu ya denga lobiriwira, kuseri kwa matanki a madzi. Ndikakwera pamwamba pa ng'anjo ndimauona tsiku lililonse. Ili ndi chipinda cham'mwamba." Anamanga mfundo yomaliza n'kuimirira. "Ndipo ine sindinakuuzeni kanthu."

Anatsika masitepe asanamuyankhe.

Atangowoloka njanji, Nasopo anamva kukhosi kukukanda ndi fungo lija la penti wopsa, limene mphuno zake zinali zitayamba kuliiwala. Mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo anali mayi wa imvi amene anawapeza akupukuta mawindo a ofesi yake ndi nyuzipepala. Anawamvetsera mpaka kumapeto, anawaonetsa nyuzipepalayo mmene inadera, n'kunena kuti denga alipereka ngati komiti ya makolo ivomera. Komiti inakangana, poti ena mwa makolowo ankagulitsa zitsulo zakale ku fakitale komweko, koma pamapeto pake inavomera.

Ku ofesi ya boma anapita gulu, amayi ambiri ndi ana kumsana, abambo owerengeka, ndi mphunzitsi wamkulu patsogolo. Mlonda anati bwana ali pamsonkhano. Anakhala pamabenchi, ena pansi m'khonde, ana akutsokomola mopokezana, mpaka alembi anayamba kutseka zitseko za maofesi awo. Masana bwana anatuluka kuti akadye, anapeza njira yonse yadzaza miyendo, ndipo anawamvera ataimirira, kiyi wa galimoto ali m'manja.

Bokosi linakafika pa sukuluyo mvula itayamba. Sefa inali isanafikebe. Sabata yomweyo kapitawo anam'chotsa Mvukuto pa ng'anjo n'kumutumiza kubwalo losankhira zitsulo, kumene malipiro ndi otsika ndipo dzuwa ndi mvula zimathera pamsana. Sanam'patse chifukwa, iyenso sanafunse. Anafika kunyumba atanyowa, anakhala pa ndowa, n'kuyang'ana mkazi wake nthawi yaitali.

"Akuti manambala a kusukulu atuluka liti?"

"Mayi uja akuti mwezi wamawa. Mwina."

"Mwina," anabwereza Mvukuto. Anavula jombo imodzi n'kukhuthula madzi pakhomo. "Uwauze afulumire. Kubwalo kuja sindikhalitsako."